PARACHO, MUDZI WA AMISIRI A MAGITALA KU MEXICO

Kutsidya kwa nyanja yaikulu ya Atlantic, m'dziko la Mexico, m'cigawo cochedwa Michoacán, muli tauni ina ya pamapiri dzina lace Paracho. Tauniyi ndi yaing'ono, iribe mgodi ndiponso iribe mtsinje waukulu, koma dzina lace limadziwika kwa oimba a m'maiko ambiri cifukwa ca magitala. M'makomo ambiri a kumeneko muli mmisiri, ndipo luso lopanga gitala ndi manja lakhala likucoka kwa agogo kunka kwa atate, kwa atate kunka kwa ana, monga momwe luso losula makasu kapena loumba mbiya limayendera m'mabanja ena kuno ku Zambia.

M'midzi ya ku Katete, ku Petauke ndi ku Chadiza anyamata amadziwa kupanga banjo ndi cigubu ca mafuta, kathabwa ndi waya, pakuti gitala la m'sitolo mtengo wace ndi wosafikirika. Kwa anyamata otere, ndi kwa akalipentala amene amapala zitseko ndi mipando, nkhani ya Paracho iri ndi phindu. Anthu a kumeneko anapeza njira yopangira gitala lolira bwino ndi matabwa ocokera ku maiko akutali, nkuligulitsa pa mtengo woti munthu wamba angathe kuufikira. Komabe mitengo imene nchito yao imadalira yakhala ikucepa, ndipo ina mwa mitengoyo iri ndi abale ace m'nkhalango za dziko lino.

NJIRA YA KU PARACHO

Mlendo wofuna kufika ku Paracho amatsikira pa bwalo la ndege la mzinda wa Mexico City, ndipo kucokera apo amakwera basi yolowera kumadzulo, ulendo wa makilomita pafupifupi 300 kukafika ku Morelia, likulu la Michoacán. Akapitirira amafika ku Uruapan, tauni yofunda yozunguliridwa ndi minda ya mapeyala, amene ena amati makotapeya. Zipatso zimenezi zimatumizidwa zocuruka ku United States, kotero kuti mapiri ambiri amene kale anali nkhalango lero ndi mizere ya mitengo ya mapeyala.

Kucoka ku Uruapan msewu umayamba kukwera, ukukhotakhota pakati pa mitengo ya paini, ndipo patatha makilomita ngati 40 mlendo amaona cifanizo ca gitala lalikulu citaimikidwa polowera m'tauni. Pamenepo wafika. Paracho ili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,200 kucokera pa nyanja, pamene Lusaka ili pa mamita ngati 1,300 cabe. Cotero kumeneko kumazizira kwambiri, makamaka m'miyezi ya Disembala ndi Januwale pamene cisanu cimagwa usiku. Mvula yao imagwa kuyambira mu Juni mpaka ca mu Okutobala, nthawi imene alimi a kuno ali pa nchito yokolola ndi kusosa.

Dziko la kumeneko ndi la mapiri ophulika. Pa 20 Febuluwale 1943 mlimi wina dzina lace Dionisio Pulido anaona nthaka ikung'ambika ndi kutuluka utsi m'munda mwace mwa cimanga, kufupi ndi mudzi wa Paricutín, m'dera lomwelo. Pamalo pamenepo panamera phiri la moto limene linalavula phulusa ndi miyala yosungunuka mpaka caka ca 1952, ndipo linakwirira midzi iwiri. Mpaka lero alendo amapita kukaona nsanja ya chalichi ca San Juan Parangaricutiro itatulukira pamwamba pa miyala yakuda. Nthaka ya phulusa yotere imamwa madzi msanga, ndipo ici ndi cifukwa cace midzi ya pamapiripo yakhala ikusauka madzi kuyambira kale. Kumene ulimi suli wokwanira kudyetsa banja caka conse, anthu amafuna luso lina la manja.

ENI DZIKO NDI BISHOPU WAO

Eni ace a mapiriwa ndi anthu a mtundu wa Purépecha, amene ali ndi cinenero caocao cosafanana ndi ca mitundu yoyandikana nayo. Ndi alimi a cimanga, ndipo mlendo wocokera ku Chipata sangasowe cakudya codziwika, pakuti cimanga cimene ciri cakudya ca tsiku ndi tsiku ku Zambia kwao kweni-kweni ndi ku Mexico, kumene cinayamba kulimidwa zaka ngati 9,000 zapitazo. Amai a kumeneko amaphika cimanga ndi laimu kapena phulusa, nacipera cikali cofewa, ndipo amapanga timikate topyapyala tochedwa tortilla, ndi tina tokulunga m'masamba a cimanga tochedwa corunda. Nyumba zao zakale ndi za matabwa okhuthala a paini olumikizidwa popanda misomali, ndipo cimanga amasunga m'cipinda ca pansi pa denga.

Asipanya atagonjetsa ufumu wa Aztec mu 1521 anafikanso kwa a Purépecha, ndipo mu 1530 anapha mfumu yao yotsiriza, Tangaxuan waciwiri. Anthu ambiri anathawira kumapiri. Mu 1531 ku Mexico kunafika woweruza milandu wa ku Spain dzina lace Vasco de Quiroga, amene mu 1538 anadzozedwa kukhala bishopu woyamba wa Michoacán. Iye anasonkhanitsa anthu obalalikawo, namanga zipatala ndi masukulu, mpaka imfa yace mu 1565. Anthu amamukumbukirabe ndi dzina lakuti Tata Vasco, ndipo mau akuti tata m'cinenero cao ndi aulemu ochulira tate kapena mkulu.

Mbiri ya pakamwa imati bishopuyu anagawira mudzi uliwonse luso lace, kuti midzi isalimbirane msika umodzi koma izisinthana katundu. Mudzi wa Santa Clara unakhala wa osula mkuwa, Tzintzuntzan wa oumba mbiya, ndipo Paracho wa osema zoimbira. Gitala la nsambo zisanu ndi imodzi limene likudziwika lero kunalibe m'masiku a bishopuyo, pakuti linayamba kuoneka kumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Komabe nchito ya matabwa inazika mizu m'mudzimo, ndipo ngakhale pamene gulu la zigawenga linatentha tauniyo mu 1917, nthawi ya nkhondo ya pacibale ya ku Mexico, anthu anabwerera, namanganso nyumba zao ndi kuyambanso kupala matabwa.

MSEWU WA MAGITALA

Msewu waukulu wodutsa pakati pa tauni uli ndi masitolo mbali zonse ziwiri, ndipo m'sitolo iriyonse magitala ali lende-lende kudenga ngati cimanga ca mbeu pamwamba pa moto. Alipo ang'onoang'ono a ana, alipo a ophunzira, aliponso amene amasungidwa m'mabokosi ndipo satulutsidwa kufikira wogula atasonyeza kuti amadziwa kuimba. Pambali pa magitala pali zoimbira zina za dzikolo: guitarrón, gitala lalikulu la mimba yotukuka limene limalira mau a besi m'magulu a mariachi; vihuela, yaing'ono ya nsambo zisanu; ndi bajo sexto ya nsambo 12.

Koma nchito yeni-yeni siicitikira m'masitolo. Munthu akapatuka kulowa m'tinjira ta kuseri amamva kulira kwa sowo ndi fungo la utuci wa mkungudza, ndipo akasuzumira pa khomo amaona kacipinda kamene kali ndi thebulo limodzi, matabwa osanjikizana mpaka kudenga, ndi mmisiri atawerama pa nchito. Ophunzira amamuchula maestro, ndiko kuti mphunzitsi. Kawirikawiri banja lonse limathandizana: mnyamata amakwecha matabwa ndi sandipepala, mkazi kapena mwana wamkazi amapaka vanishi, ndipo tate ndiye amasema mbali zofunika dzanja lozolowera.

Cipangizo cimene amisiri a ku Paracho amachuka naco ndi mpeni. Ambiri amadzisulira okha mpeniwo kucokera ku citsulo ca sowo yakale, ndipo ndi mpeni womwewo amasema khosi la gitala, mutu wace ndi timitanda ta m'kati. Pamene mafakitale a ku maiko ena amagwiritsa nchito zopanira zacitsulo zambirimbiri, mmisiri wa kuno amamanga gitala lace ndi cingwe cacitali, nakhomera timphano ta mtengo pansi pa cingweco kuti guluu agwire bwino. Kalipentala wa kumudzi amene anamangapo denga ndi luzi angazindikire nzeru imeneyi msanga.

MATABWA A MAIKO ANAI M'GITALA LIMODZI

Gitala labwino silipangidwa ndi mtengo wa mtundu umodzi, pakuti mbali iriyonse iri ndi nchito yace. Thabwa la pamaso, limene liri ndi cibowo cozungulira, ndilo limatulutsa mau. Liyenera kukhala lopepuka koma losapindika msanga, ndipo mitengo yoyenera nchitoyi ndi ya ku maiko ozizira: spruce wa kumapiri a ku Ulaya, kapena mkungudza wofiira wa ku Canada. Kumeneko mtengo umakula pang'onopang'ono, kotero kuti mizere ya zaka zace imakhala yothithikana ndi yoongoka. Mmisiri amanyamula thabwalo ndi zala ziwiri, naligogoda ndi cala ca dzanja lina ali cichereni khutu. Likalira motalika ngati belu amalisunga. Likangoti phu, amaliika pa mulu wa magitala ochipa.

Msana ndi nthiti za gitala zimafuna mtengo wolimba ndi wolemera, umene umabweza mau. Mitengo yochuka pa nchitoyi ndi ya banja limene akatswiri a zomera amalichula Dalbergia. Wa ku Brazil ndiwo unali mfumu ya yonse, ndipo wa ku India ndiwo umapezeka kwambiri pa malonda. Khosi amalipanga ndi cedro, mtengo wonunkhira wa ku America umene supindika wamba. Kathabwa kakuda kodindapo zala kamacokera ku mtengo wa ebony, umene wambiri umadulidwa ku Cameroon. Timipiringidzo tiwiri toyera togonapo nsambo ndi ta fupa la ng'ombe. Motero gitala limodzi lingakhale ndi matabwa a ku Ulaya, ku Asia, ku America ndi ku Africa.

Matabwawa amayamba auma zaka zingapo asanakhudzidwe. Ukatha apo mmisiri amatenga timatabwa tiwiri tocekedwa motsatana pa cipika cimodzi, natitsegula monga buku ndi kutilumikiza, kuti mizere ya mbali ya kumanja ifanane ndi ya kumanzere. Amapala thabwalo mpaka litatsala mamilimita awiri ndi theka kapena kucepera apo. Thabwa lopyapyala cotere liyenera kupirira nsambo zisanu ndi imodzi zimene zikakungidwa zimakoka ndi mphamvu yolingana ndi katundu wa makilogalamu ngati 40. Kuti lisang'ambike, mmisiri amamata kunsi kwace timitanda topepuka, kawirikawiri tisanu ndi tiwiri, toyala ngati zala za dzanja lotambasula. Timitanda tikakula, gitala limakhala lolimba koma losalankhula. Tikacepa, limalira bwino koma silikhalitsa. Luso lonse lagona pakati pa ziwirizi, ndipo palibe muyezo wolembedwa umene ungalowe m'malo mwa cala ca mmisiri.

Nthiti amazinyowetsa ndi madzi nazipinda pang'onopang'ono pa paipi yacitsulo yotenthedwa. Apa kuona maso a nkhono nkudekha, pakuti wofulumira amathyola thabwa limene analigula ndi ndalama zambiri. Pambuyo pace amalumikiza zonse, namanga ndi cingwe cija.

Pali malo amodzi pamene diso silikwanira, ndipo pafunika masamu. Awa ndi malo a tizitsulo topingasa pa khosi, timene oimba amati mafureti. Utali wa nsambo pa gitala la mtundu uwu ndi mamilimita 650. Mmisiri amagawa nambala imeneyi ndi 17.817, ndipo yankho lace, mamilimita 36 ndi theka, ndipo pokhala kacitsulo koyamba. Utali wotsalawo amaugawanso ndi nambala yomweyo kuti apeze malo a kaciwiri, nacita cimodzimodzi mpaka kumapeto. Ngati sanalakwitse, kacitsulo ka nambala 12 kamagwera pakati peni-peni pa nsambo, pa mamilimita 325. Ici ndico cifukwa cace mabanjo ambiri a kumudzi amalira bwino nsambo ikakhala yosadinda, koma amasokera wina akadinda kumtunda kwa khosi: tizitsulo tace tinaikidwa mwa diso cabe.

Potsiriza pali kupaka. Magitala apamwamba amapakidwa shelaki, utomoni wopangidwa ndi tizirombo tina ta m'mitengo ya ku India ndi Thailand. Amausungunula mu sipiriti, naupaka ndi kampira ka nsaru mozungulirazungulira, kambirimbiri, kwa masabata angapo. Utoto wotere ndi wopyapyala ndipo sutsekereza mau.

CIMENE CIMATSITSA MTENGO

Kodi gitala la matabwa a maiko anai lingachipe bwanji? Yankho loyamba linaperekedwa kale ndi mmisiri wa ku Spain, Antonio de Torres, amene anabadwa mu 1817 namwalira mu 1892, ndipo ndiye anakhazikitsa maonekedwe a gitala amene amisiri a ku Paracho amatsatira. Mu 1862 iye anapanga gitala la thabwa la pamaso labwino, koma msana ndi nthiti zace anazipanga ndi cikatoni. Gitalalo linalira, ndipo likusungidwa m'nyumba ya zoimbira zakale ku Barcelona. Phunziro lace ndi lakuti ndalama ziyenera kupita coyamba ku thabwa la pamaso, ndipo pa mbali zina mmisiri angathe kusunga.

Amisiri a ku Paracho amatsata nzeru imeneyi. M'malo mwa mtengo wa ku India amagwiritsa nchito palo escrito, mbale wace wa m'banja la Dalbergia womera ku Mexico komweko, amene dzina lace litanthauza mtengo wolembedwa, cifukwa ca mizere yace yooneka ngati ya inki. M'malo mwa ebony amaika granadillo, mtengo wina wolimba wa m'dzikolo. Pa magitala a ophunzira amagwiritsa nchito paini, mkungudza wamba, ngakhale thabwa la mtengo wa mapeyala.

Caciwiri ndi kaceke ka matabwa. Msana wa gitala umafuna timatabwa tiwiri ndipo nthiti zimafuna tiwiri, tonse tocekedwa mokhuthala mamilimita anai kapena asanu. Thabwa lokhuthala masentimita asanu, limene kalipentala angalimalize pa mwendo wa thebulo kapena pa mphuthu ya citseko, likacekedwa ndi sowo yopyapyala limatulutsa timatabwa totere tisanu ndi tiwiri kapena tisanu ndi titatu. Zidutswa zotsala sizitayidwa: zimasanduka zokongoletsa za m'mphepete, timilatho tomangapo nsambo, ndi zidole za ana monga nguli, zimene Paracho imagulitsanso zambiri.

Cacitatu ndi cakuti mmisiri amagwirira nchito pakhomo pace, ndi zipangizo zodzipangira, pamodzi ndi a m'banja lace, ndipo wogula wofika yekha pakhomopo salipira phindu la munthu wa pakati. Koma apa pali cowawa cace. Kuchipa kwa gitala la ku Paracho kwina kumacokera ku thukuta la mmisiri losalipiridwa mokwanira. Amene alibe dzina amagulitsa kwa eni masitolo ndi ogula zambiri pa mtengo umene ogulawo achula, cifukwa banja likufuna cakudya sabata yomweyo. Ena pofuna ndalama za msanga amapanga ndi matabwa osauma, ndipo gitala lotere likafika ku dziko louma limang'aluka kapena kupindika khosi. Kwa zaka zambiri magitala otere anaipitsa dzina la tauniyo, mwakuti oimba ena ankaganiza kuti ku Paracho kumacokera zidole zokha.

ZAKA ZA MABVUTO NDI ZA MWAI

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 dziko la Mexico linatsegula malire ace ku katundu wa kunja, ndipo m'kupita kwa nthawi magitala a m'mafakitale a ku China anadzaza misika pa mtengo umene munthu wa mpeni ndi cingwe sakanatha kupikisana nao. Amisiri ena anasiya nchito nanka ku United States kukafuna ganyu. Ena anaona kuti polimbana ndi makina pa kuchipa adzagonja, ndipo anasankha kukweza luso. Akatswiri a ku Spain ndi maiko ena anaitanidwa kudzaphunzitsa m'tauniyo, ndipo amisiri anayamba kusamala kaumitsidwe ka matabwa ndi miyezo. Caka ciriconse mu Ogasiti kumacitika cikondwerero ca gitala ca dziko lonse, pamene oimba amasonkhana ndipo amisiri amapikisana kuti aone amene wapanga gitala lopambana.

Mwai wina unadza mu 2017 ndi kanema wa zithunzi zojambula wochedwa Coco, wosimba za mnyamata wa ku Mexico wokonda nyimbo. Gitala leni-leni lofanana ndi loyera la m'kanemayo analipanga ndi Germán Vázquez, mmisiri wobadwira ku Paracho amene anakakhazikika ku Los Angeles. Ana a m'maiko ambiri anafuna gitala loyera longa lomwelo, ndipo kwa kanthawi amisiri anagwira nchito usana ndi usiku osakwanitsa ofuna. Mu 2020 mliri wa Covid-19 unaletsa alendo, malonda nagwa. Kumapeto kwa caka comweco boma la Mexico linaika Paracho pa mndandanda wa matauni okopa alendo ochedwa Pueblos Mágicos.

NKHANI YA NKHALANGO

Bvuto lalikulu kuposa onsewa ndi la mitengo. Mtengo wa Dalbergia wa ku Brazil unadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutha, ndipo mu 1992 pangano la maiko loteteza nyama ndi zomera, lochedwa CITES, linaletsa malonda ace pakati pa maiko. Pa msonkhano wa ku Johannesburg mu 2016 maiko anagwirizana kuti mitengo yonse ya banja limeneli isadutse malire popanda cilolezo, ndipo lamulolo linayamba kugwira nchito mu Januwale 2017. Palo escrito nayenso analowa m'lamuloli. Amisiri ang'onoang'ono anabvutika ndi mapepala, ngakhale kuti odula ambiri sankadulira magitala koma mipando ndi makabati a anthu olemera a ku China. Mu 2019, pa msonkhano wa ku Geneva, zoimbira zomalizidwa kale zinacotsedwa m'lamulo la zilolezo, koma matabwa osapala anatsalamo.

Amalonda ena anaphunzirapo kanthu. Bob Taylor, amene panthawiyo anali mmodzi wa eni fakitale ya magitala ku California, atagula pamodzi ndi anzace malo ocekera ebony ku Yaoundé mu 2011, anamva kwa odula kuti mitengo yambiri yogwetsedwa inkasiyidwa kuti iolere m'nkhalango cifukwa m'kati mwace simunali mwakuda bii monga ogula ankafunira. Iye anayamba kugula ndi ya mawangamawanga yomwe, pakuti pa kulimba ndi pa mau siisiyana ndi yakuda.

Anthu a pamapiri a Paracho aonanso ndi maso ao cimene kutha kwa nkhalango kutanthauza. Makilomita owerengeka kumpoto cakum'mawa kwa tauniyo kuli Cherán, tauni inanso ya a Purépecha. Kwa zaka zingapo magulu a mfuti ankadula paini m'mapiri a Cherán usana ndi usiku, malole nadutsa m'tauni anthu ali kuyang'ana. Odulawo atayandikira kasupe amene anthu ankatungako madzi, m'mamawa wa pa 15 Epulo 2011 amai anatseka msewu ndi kuimitsa malole, belu la chalichi linalira, ndipo tauni yonse inatuluka. Anasonkha moto pa mphambano iriyonse nalonda usiku kwa miyezi yambiri. Pambuyo pace bwalo la milandu linawalola kudzilamulira monga mwa mwambo wao, ndipo anakhazikitsa nazale ya mitengo nayamba kubzalanso mapiri ao.

ABALE A MITENGOYI KU ZAMBIA

Nkhani imeneyi siiri kutali ndi owerenga monga momwe mapu asonyezera. Phingo, mtengo wakuda m'kati umene osema ziboliboli amaudziwa, ndi wa banja lomwelo la Dalbergia, ndipo amisiri a magitala ku Ulaya ndi ku America amauwerengera pakati pa matabwa apamwamba koposa. Ndi mtengo womwewo umene amapangira zitoliro za mabandi zochedwa clarinet. Mbawa ndi wa banja la Khaya, limene matabwa ace amapangira makosi, misana ndi nthiti za magitala ambirimbiri a m'mafakitale. Mlombwa, umene ena amati mukwa, ndi mukula ndi abale a mtengo wofiira wa ku Central Africa wochedwa padauk, umenenso umagwiritsidwa nchito pa magitala.

Mukula wa ku Zambia wakhala ukutuluka m'dziko muno uli zipika zosaceka, kunka ku China, ndipo munthu wa kumudzi amene anaugwetsa ndi kuusenza ndiye amalandira gawo locepa koposa. Mu 2019 mtengowu unaikidwa pansi pa pangano la CITES, ndipo mu 2022, pa msonkhano wa ku Panama, mlombwa ndi mbawa nazonso zinalowa. Cipika cimodzi cikakwera lole cimalipiridwa kamodzi kokha. Cipika comweco cikauma bwino ndi kucekedwa mopyapyala cikhoza kukhala misana ndi nthiti za magitala ambiri, ndipo gitala lirilonse ndi malipiro a masabata angapo kwa mmisiri ndi banja lace. Ndi kusiyana kumeneku kumene kwasunga Paracho kwa mibadwo yambiri pa nthaka yosauka madzi.

Madzulo, dzuwa likamalowa kuseri kwa mapiri ndipo mphepo yozizira yayamba kutsika, eni masitolo amatsitsa magitala amene anali pakhomo ndi kutseka zitseko. M'tinjira ta kuseri nyali zimayakabe. Mmisiri amene wamaliza nchito ya mwezi wathunthu amamanga nsambo zisanu ndi imodzi, nazikunga pang'onopang'ono akuyang'ana ngati thabwa la pamaso likupirira, ndipo kenaka amakhwacha nsambozo koyamba kuti amve cimene wapanga. Pangodya pa cipindaco pali mulu wa matabwa amene anagulidwa caka cino, olembedwa caka cace ndi pensulo. Amenewo sadzawakhudza msanga, ndipo ena mwa iwo adzapalidwa ndi mwana wace, monga momwe iye akupalira amene anasiya atate ace.